Kulosera ma playoff a NHL: tebulo, ziwerengero, mitengo ya obetcha kapena maso anu?

Chaka chilichonse mu Epulo, matimu 16 mwa 32 a NHL, ligi ya hockey ya pa ayezi ya ku America ndi Canada, amalowa mu playoff, ndime ya chipulula yolimbirana chikho cha Stanley Cup. Ndime zake ndi zinayi. Pa ndime iliyonse matimu awiri amakumana mobwerezabwereza mpaka ina itapambana magemu 4, ndipo akakanganirana amafika pa gemu ya nambala 7. Yonyamula chikho mu Juni imakhala itapambana magemu 16. Njira zolosera zotsatira zilipo zingapo. Zina ndi zaulere, zina zimafuna madola, zina zimafuna tulo tanu, ndipo iliyonse ili ndi malo ake opunthwira.

Muyezo umene tigwiritse ntchito

Tisanayerekeze njirazi, tione kaye kukula kwa ntchitoyo. Hockey ya pa ayezi ndi masewero a zigoli zochepa, pafupifupi 6 pa gemu tikaphatikiza matimu onse awiri, ndipo zambiri zimalowa mwangozi. Puck, kamphira kophwatalala kamene kamagwira ntchito ya mpira, imagunda nsapato ya wotchinga kumbuyo kapena kukhota pa ndodo ya munthu amene waima pamaso pa goloboyi, iye n'kungoiona ili kale mu ukonde. Komanso chiyambire 2005 ligi ili ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, choncho palibe timu yolemera imene ingasese akatswiri onse. Ofika mu playoff amakhala oyandikana mphamvu.

Masamu ake ndi awa. Timu imene ili ndi mwayi wa 55 pa 100 wopambana gemu iliyonse ili ndi mwayi wa 61 pa 100 wodutsa ndime ya magemu 7. Ikakhala yamphamvu kwambiri, ya 60 pa 100 pa gemu, mwayi wodutsa ndime umafika 71 pa 100. Kuti timu yoyamba ija idutse ndime zonse zinayi, mwayi wake ndi 14 pa 100 basi. Yachiwiriyo ndi 25 pa 100. Ndiye aliyense wokuuzani kuti akudziwa wopambana akungokusangalatsani. Chimene njira yabwino ingakupatseni ndi nambala yoona ya mwayi, ndipo nthawi zambiri nambalayo imakhala pakati pa 50 ndi 65.

Njira iliyonse tiiona pa zinthu zinayi: mtengo wake, kuphatikizapo bandulo ya intaneti, kupezeka kwake, chisamaliro, kutanthauza ntchito imene muzigwira kuti isakalambe, ndi chiopsezo chake. Ine ndimaonjezera funso lina laling'ono pa njira iliyonse: kodi ikudziwa amene aime pagolo usiku uno?

1. Tebulo la ligi ndi mbiri yakale

Mtengo: ulere, ndipo tsamba la NHL silidya bandulo yambiri.

Kupezeka: paliponse, nthawi iliyonse.

Chisamaliro: palibe. Sizoni ikatha tebulo limaima, ndipo vuto lake lagona pomwepo.

Chiopsezo: tebulo limachokera ku masewero a malamulo ena. M'sizoni, matimu akafanana mphamvu pakatha mphindi 60 amasewera mphindi 5 atatuatatu, kenako mapenate, ndipo wogonja m'nthawi yoonjezerayo amapatsidwabe pointi imodzi. Mu playoff zonsezi kulibe. Amasewera asanuasanu, mphindi 20 kenako zina 20, mpaka wina atagoletsa. Mu 2020 Tampa Bay Lightning ndi Columbus Blue Jackets anafika pa nthawi yoonjezera yachisanu. Goloboyi wa Columbus, Joonas Korpisalo, anatchinga mashoti 85 koma anagonjabe 3-2. Timu imene yakwera tebulo chifukwa cha luso la mapenate yanyamula mapointi amene sagula kanthu mu Epulo.

Chinanso, tebulo limawerenga gemu ya mu Okutobala mofanana ndi ya mu Malichi, pamene timu imakhala itasintha. St. Louis Blues inali kumchira kwa ligi yonse kumayambiriro kwa Januwale 2019, itasintha kale kochi. Goloboyi wosadziwika Jordan Binnington atapatsidwa mpata inayamba kusesa, ndipo mu Juni inanyamula chikho itagonjetsa Boston Bruins pa gemu ya nambala 7. Mu 2021 Tampa Bay inamaliza pa nambala 3 m'gulu lake popanda Nikita Kucherov, amene sanasewere gemu ngakhale imodzi sizoni yonse chifukwa cha opaleshoni ya m'chiuno. Anabwerera tsiku loyamba la playoff, natsogola pa mapointi mpaka chikho. Tebulo silinamuwerenge n'komwe.

Nkhani yotchuka apa ndi ya Presidents' Trophy, mphoto ya timu yomaliza pamwamba pa ligi yonse. Tampa Bay ya 2019 inapambana magemu 62, koma Columbus inaionetsa msana wa njira m'ndime yoyamba, 4-0 pa magemu. Boston ya 2023 inaswa mbiri ndi magemu 65 komanso mapointi 135, inatsogola Florida Panthers 3-1 pa magemu, n'kutaya bomwetamweta pa chigoli cha Carter Verhaeghe m'nthawi yoonjezera ya gemu ya 7. Ochemerera amati mphotoyi ndi yotembereredwa. Koma werengani bwino: kuyambira 1986 mpaka 2025 mphotoyi yaperekedwa ka 39, ndipo oilandira anyamula Stanley Cup ka 8, omaliza kukhala Chicago Blackhawks mu 2013. Kumeneko ndi kupambana kamodzi pa kasanu, zogwirizana ndi masamu a pamwamba aja. Temberero palibe, timu yabwino kwambiri mwayi wake umathera pomwepo.

Ngati mwasankha tebulo, siyani danga la mapointi, yang'anani madanga awiri ena: kusiyana kwa zigoli zochinya ndi zochinyidwa, ndi magemu amene timu yapambana m'mphindi 60 zenizeni, danga lolembedwa RW. Za mbiri yakale, monga zoti pofika 2025 timu ya ku Canada inali isanatengepo chikho chichokereni Montreal Canadiens mu 1993, kapena zoti Toronto Maple Leafs inali ikudikirabe chiyambire 1967, ndi zokometsera macheza chabe. Ambiri mwa osewera a lero anali asanabadwe.

2. Kudziwerengera ziwerengero za mashoti

Popeza zigoli ndi zochepa ndipo zimadalira mwayi, anthu anayamba kuwerenga chinthu chochitika kawirikawiri, mashoti. Corsi, dzina lochokera kwa Jim Corsi amene anali mphunzitsi wa agoloboyi ku Buffalo Sabres, imawerenga mashoti onse, olunjika, ophonya ndi otchingidwa ndi osewera. Kenako kunabwera xG, imene imapatsa shoti iliyonse kulemera kwake malinga ndi mtunda, mbali imene yachokera ndi mtundu wake. Pali ndi PDO, yophatikiza peresenti ya mashoti olowa ndi peresenti ya mashoti amene goloboyi wanu watchinga. Ligi yonse imakhala pa 100, ndipo timu imene yakwera kwambiri pamwamba pa 100 nthawi zambiri imatsika.

Mtengo: masamba a pa intaneti a ziwerengerozi, Natural Stat Trick ndi MoneyPuck, ndi aulere. Matebulo ake ndi aakulu, pa foni amavuta, amafuna kompyuta.

Kupezeka: lero alipo, koma masamba oterewa amayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo akachita bwino matimu amawalemba ntchito tsamba n'kutsekedwa. Extra Skater inatseka mu 2014 mwini wake atalembedwa ntchito ndi Toronto. War-on-Ice inatsatira eni ake atatengedwa ndi matimu a NHL. Ligi yokha inatsegula NHL EDGE mu 2023, yoonetsa liwiro la osewera ndi la mashoti. N'zokoma kuona koma sizithandiza kwenikweni polosera.

Chisamaliro: chachikulu. Muyenera kusefa kuti muone za asanuasanu zokha, kukonza manambala malinga ndi mmene zigoli zinalili, chifukwa timu yotsalira imamenya mashoti ambiri pamene yotsogola yabwerera kumbuyo, ndiponso kuyang'ana magemu a pambuyo pa tsiku lotseka msika wa osewera kumayambiriro kwa Malichi.

Chiopsezo: tiyambe ndi pamene njirayi inawala. Los Angeles Kings ya 2012 inalowa mu playoff ili ya nambala 8, yomaliza kumbali ya kuzambwe, ndipo inali pakati pa matimu ogoletsa mochepetsetsa m'ligi. Koma pa mashoti inali pakati pa apamwamba, makamaka kochi Darryl Sutter atabwera mu Disembala ndi Jeff Carter atagulidwa mu Febuluwale. Owerenga tebulo anaiderera. Owerenga mashoti anaona kuti zigoli zangochedwa. Inatulutsa Vancouver Canucks, eni Presidents' Trophy, n'kutenga chikho itapambana magemu 16 ndi kugonja 4 okha.

Tsopano mbali inayo. Carolina Hurricanes ya kochi Rod Brind'Amour yakhala ikulamulira mashoti chaka ndi chaka, koma itafika pa ndime yachitatu mu 2019 inakwapulidwa 4-0 ndi Boston, mu 2023 inakwapulidwa 4-0 ndi Florida, mu 2025 inagonja 4-1 kwa Florida yomweyo. Mu 2023 magemu onse anayi anasiyana chigoli chimodzi, yoyamba inafika nthawi yoonjezera yachinayi, ndipo Sergei Bobrovsky anali khoma. Okonda ziwerengero amati linali tsoka. Ena amati Carolina imamenya mashoti ambiri opanda ululu. Onse ali ndi mfundo, chifukwa xG ya pa masamba aulere imadziwa pamene shoti yachokera koma siiona bwino mpira wodutsa pakati pa bwalo shoti isanamenyedwe, ngakhale munthu amene watsekereza maso a goloboyi. Ndipo mukafuna kuweruza ndime imene ili mkati pa manambala a magemu awiri kapena atatu, mukulemba m'madzi.

Funso la goloboyi: njirayi siliyankha yokha.

3. Ma model opangidwa ndi ena

Apa wina wagwira kale ntchito yonse ya pamwambayi, waphatikiza mphamvu za wosewera aliyense, wayesa ndimeyo pa kompyuta kambirimbiri, n'kukupatsani nambala.

Mtengo: MoneyPuck ndi yaulere. Model ya Dom Luszczyszyn imatuluka mu The Athletic, imene imafuna kulipira. Evolving-Hockey ndi HockeyViz ya Micah Blake McCurdy amaika zinthu zawo zambiri kwa olipira. Malipiro ndi a ndalama zakunja kudzera pa khadi la banki, choncho ganizirani ngati khadi lanu limalola zimenezo musanazolowere.

Kupezeka: kwabwino nthawi ya playoff, manambala amasintha gemu iliyonse ikatha. Koma dzina lalikulu silitanthauza kuti lidzakhalitsa. FiveThirtyEight inali ndi zolosera za NHL, inasiya za masewero mu 2023, ndipo tsamba lonse linatsekedwa mu 2025.

Chisamaliro: chochepa, kungotsegula ndi kuona ngati nambalayo yaikidwa goloboyi atadziwika kale kapena ayi.

Chiopsezo: chachikulu ndi kuwerenga molakwika. Model ikati 70 pa 100, ikunenanso kuti katatu pa khumi timu inayo ipambana. Zili ngati a zanyengo akati mwayi wa mvula ndi 70 pa 100: tsiku limodzi louma silisonyeza kuti ananama, koma ngati masiku onse otere auma, pamenepo pali vuto. Pafupifupi aliyense anaika Tampa Bay patsogolo mu 2019, ndipo model imene ikanaika Columbus patsogolo ikanakhala yoipa imene yangochita mwayi. Kawirikawiri model yabwino imakhoza magemu pafupifupi 6 mwa 10. Wina akamanena za 8 kapena 9 mwa 10, m'funseni aonetse zimene analosera magemu asanayambe, zonse, zolephera zomwe.

Chinanso, ma model samvana, ndipo munthu amakopeka kusankha imene ikukomera timu yake. Sankhani imodzi kapena ziwiri playoff isanayambe, mukhale nazo mpaka Juni.

4. Mitengo ya makampani obetcha

Njira imeneyi ndiitchula mosamala, chifukwa kuwerenga mitengo ndi kuika ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pano tikunena za kuwerenga. Mtengo umene kampani yaika mphindi zochepa gemu isanayambe wameza kale zonse: ma model, nkhani za ovulala, dzina la goloboyi, ndi ndalama za anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi. Mwa njira zonse zili pano, iyi ndi imene imavuta kwambiri kuiposa.

Mtengo: kuona ndi kwaulere, simufunika ngakhale akaunti.

Kupezeka: kwakula kwambiri chichokereni 2018 pamene khoti lalikulu la ku America linachotsa lamulo loletsa maboma ang'onoang'ono kulola kubetcha pa masewero, ndi 2021 pamene Canada inalola kubetcha pa gemu imodzi. Masamba ambiri a nkhani za masewero tsopano amaonetsa mitengo pambali pa ndandanda ya magemu.

Chisamaliro: kasamu kakang'ono pa gemu iliyonse. Tinene kuti timu ya pakhomo ili pa 1.67, yoyenda ili pa 2.30, ku America amalemba -150 ndi +130. Gawani 1 ndi 1.67, mupeza 59.9 pa 100. Gawani 1 ndi 2.30, mupeza 43.5. Mukaphatikiza zikwana 103.4, ndipo 3.4 yapamwambayo ndi phindu la kampani. Gawani nambala iliyonse ndi 103.4, mutsala ndi 58 ndi 42 pa 100. Umenewo ndiye mwayi umene msika ukunena.

Chiopsezo: pali misampha itatu. Woyamba umagwira ozolowera mpira wamiyendo. Makampani ambiri kunja kwa America amaonetsa mitengo itatu, 1, X ndi 2, ndipo imeneyo ndi ya mphindi 60 zokha. Gemu ya playoff sithera pa kufanana mphamvu, koma pa mtengo umenewo X imapambana ngati afika nthawi yoonjezera, ngakhale timu yanu igoletse patangopita mphindi ziwiri. Pofuna kudziwa wopambana gemu, funani mtengo wa mbali ziwiri wophatikiza nthawi yoonjezera. Wachiwiri ndi mtengo wa kusiyana kwa zigoli 1.5. Timu yotsalira ndi chigoli chimodzi imatulutsa goloboyi m'mphindi zomaliza kuti ilowetse wosewera wachisanu ndi chimodzi, ndipo puck imalowa m'golo yopanda munthu. Gemu yothina ya 2-1 imatha 3-1 kapena 4-1, choncho zigoli zomaliza za mu hockey zimanamiza za mmene gemu inayendera. Wachitatu ndi mitengo ya amene adzatenge chikho: mukaphatikiza ya matimu onse 16 phindu la kampani limakhala lalikulu kuposa la gemu imodzi, ndiye manambala ake amaoneka okwera kuposa mmene alili.

Chiopsezo choposa zonsezi ndi juga yeniyeniyo. Pa mitengo ya 1.91 mbali zonse ziwiri, munthu ayenera kukhoza 52.4 pa 100 kuti angobweza zake. Amene akuona kuti wadziwa kanthu chifukwa wawerenga MoneyPuck akumbukire kuti oika mitengo nawonso amaiwerenga. Za aja ogulitsa zotsatira "zotsimikizika" pa WhatsApp ndi Telegram sindiziwerengera ngati njira. Munthu wodziwa zotsatira sangavutike n'kukugulitsani pa mtengo wa bandulo.

5. Maso anu ndi nkhani za m'kampu

Mtengo: wa ndalama umasiyana dziko ndi dziko malinga ndi amene ali ndi chilolezo choonetsa. Wa thupi ndi wodziwikiratu. Gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku New York kapena Toronto imayamba 1 koloko usiku ku Lilongwe, Lusaka, Harare ndi Johannesburg, ndi 12 koloko usiku ku London. Yoyamba 7 koloko ku Los Angeles kapena Vancouver imayamba 4 koloko m'mamawa kwathu kuno. Ikalowa m'nthawi yoonjezera kawiri, kukucherani muli pa sikirini.

Kupezeka: nkhani ndi zaulere. Daily Faceoff imaonetsa agoloboyi oyamba ndi magulu a osewera. Atolankhani otsatira timu iliyonse amalemba kuchokera ku maseweredwe okonzekera a m'mawa wa tsiku la gemu, amene kwa ife ndi chakumadzulo. Kachizindikiro kamene onse amayang'ana n'kakuti goloboyi woyamba kutuluka mu ayezi pa zokonzekerazo nthawi zambiri ndi amene aime usikuwo, pamene mnzake amatsala n'kumalandira mashoti a osewera apabenchi.

Chisamaliro: tsiku lililonse, kwa miyezi iwiri.

Chiopsezo: njirayi ndi yokhayo imene imayankha funso la goloboyi mwachindunji, koma yankho lake limathandiza theka. Mu 2010 Washington Capitals inamaliza pamwamba pa ligi ndi mapointi 121, inatsogola Montreal 3-1, kenako Jaroslav Halak anatseka golo: mashoti 53 pa gemu ya 6, ena 41 pa gemu ya 7, Washington n'kutuluka. Mu 2018 Washington yomweyo inayamba playoff Braden Holtby ali pabenchi, inagonja magemu awiri oyamba kwa Columbus, Holtby anabwerera, chikho chinabwera. Mu 2023 Adin Hill analowa pakati pa ndime yachiwiri Laurent Brossoit atavulala, ndipo Vegas Golden Knights inatenga chikho iye ali pagolo. Mbali inayo, Connor Hellebuyck wa Winnipeg Jets anasankhidwa kukhala goloboyi wabwino komanso wosewera wofunika kwambiri wa sizoni ya 2024-25, koma m'ndime yoyamba anatulutsidwa gemu ili mkati katatu konse ku St. Louis. Kudziwa dzina la woima pagolo n'kofunika. Kudziwa mmene aimire usikuwo palibe angakwanitse, ndipo goloboyi "wotentha" wa sabata ino sakhala ndi chikalata cha sabata yamawa.

Za ovulala n'zovuta kuposa pamenepo, chifukwa matimu amabisa dala. Amangoti wavulala "kumtunda kwa thupi" kapena "kumunsi kwa thupi", kuopa kuti adani azilunjika pomwepo. Zoona zimatuluka timu itatuluka kale. Patrice Bergeron wa Boston anasewera gemu yomaliza ya fainolo ya 2013 ali ndi nthiti yothyoka ndi phewa loguluka, ndipo gemu itatha anagonekedwa m'chipatala ndi papo lobooka. Apa ndi pamene maso amaposa tebulo lililonse: mukaona wosewera wapakati amene nthawi zonse amalimbirana puck poyambira wasiyira mnzake, kapena mphindi zake zatsika mwadzidzidzi, pali chimene kochi sakunena. Maso amaonanso nkhani ya kusintha komaliza. Timu ya pakhomo ndi imene imalowetsa osewera pomaliza masewero akaima, choncho kochi wa pakhomo amatha kuika omutchinga abwino pa katswiri wa adani. Katswiri wina amawala pakhomo n'kuzimirira koyenda pa chifukwa chimenechi.

Koma maso ali ndi matenda awo. Amakumbukira gemu yadzulo kuposa miyezi isanu ndi umodzi. Timu ikakwapulidwa 6-1 imaoneka ngati yatha, chonsecho m'ndime imawerengedwa gemu imodzi basi. Mu fainolo ya 2024 Florida inatsogola 3-0 pa magemu, Edmonton Oilers inapambana gemu yachinayi ndi zigoli 8-1 n'kufika pa magemu 3-3, ambiri anati mphepo yatembenuka, koma Florida inatenga gemu ya 7 ndi 2-1. Ngati mumangoona timavidiyo ta zigoli pa YouTube m'mawa, musadziwerengere m'gulu la oonera. Timavidiyo timaonetsa mphindi zochepa zokoma, n'kusiya zonse zosonyeza amene ankalamulira.

6. Kudzipangira Elo yanu

Iyi ndi ya okonda masamu. Njira ya Arpad Elo inayambira ku chess: timu iliyonse imayamba ndi mapointi 1500, yopambana imalanda pang'ono kwa yogonja, ndipo imalanda zambiri ikagonjetsa yamphamvu. Kusiyana kwa mapointi 35 kumapereka mwayi wa 55 pa 100, kwa mapointi 70 kumapereka 60 pa 100.

Mtengo: ulere, Excel kapena Google Sheets ikwanira.

Kupezeka: zotsatira za magemu onse zili pa Hockey-Reference.

Chisamaliro: sizoni ya 2024-25, ya magemu 82 pa timu, inali ndi magemu 1,312 oti mulowetse, kenako kuonjezera atsopano m'mawa uliwonse.

Chiopsezo: Elo siidziwa goloboyi, ovulala kapena wosewera wogulidwa dzulo. Chinyengo chake china n'chakuti chaka chilichonse m'ndime zonse zinayi mumakhala mikumano 15 yokha ya matimu awiriawiri. Ndi zitsanzo zochepa chonchi n'kosavuta kukhotetsa manambala mpaka "atalosera" bwino zaka zisanu zapitazo, kenako n'kugwa chagada chaka chino. Siidzaposa msika, koma idzakuphunzitsani chifukwa chake manambala a ena amakhala momwe alili.

Njira iti kwa ndani

Ngati mukudzaza ndandanda yolosera ndime zonse ndi anzanu ochepa, kaya ya pa tsamba la NHL kaya ya papepala, tengani mitengo ya ndime yoyamba kapena MoneyPuck, musankhe amene ali patsogolo pafupifupi paliponse, ndipo ngwazi yanu ichokere m'matimu anayi kapena asanu apamwamba. Onaninso njira imene timuyo idutse, chifukwa dongosolo la NHL limakumanitsa matimu a gulu limodzi msanga, ndipo awiri amphamvu amatha kuphana m'ndime yachiwiri. Ngati mpikisanowo ndi wa anthu mazana, musasankhe ngwazi imene aliyense wasankha. Timu yachitatu kapena yachinayi pa mwayi, imene anzanu aisiya, ndi imene ingakupatseni malo oyamba nokha.

Ngati bandulo ndi yochepa ndipo mungofuna kucheza mwanzeru, tebulo likukwanirani, bola muone kusiyana kwa zigoli ndi RW, muonjezere mmene timu yayendera kuyambira Malichi ndi dzina la goloboyi.

Ngati funso lanu ndi gemu ya usiku uno, dikirani agoloboyi atsimikizidwe, tengani mtengo wa mbali ziwiri, chotsani phindu la kampani, muyerekeze ndi model imodzi. Zikasiyana kwambiri, nthawi zambiri pali nkhani imene model sinaimve, ndiye ifufuzeni.

Ngati mukufuna kumvetsa masewerowo, kapena kulemba ndi kuyankhula za iwo, Natural Stat Trick ndi maso anu aziyendera limodzi: onerani gemu, lembani amene mukuona kuti analamulira, kenako muone xG. Izi n'zosavuta kwa amene ali ku Canada, America kapena Britain. Kwa amene ali ku Blantyre kapena Chipata ndipo m'mawa kuli ntchito, sankhani mkumano umodzi wa matimu awiri a kum'mawa kwa America muutsate bwino, m'malo mothamangitsa mikumano yonse isanu ndi itatu ya ndime yoyamba muli ndi tulo. Wophunzira masamu kapena za makompyuta apange Elo, aiyese pa zaka zimene sanaigwiritse ntchito poikonza.

Ngati mukuganiza zoika ndalama, yambani ndi kope. Gemu iliyonse isanayambe lembani mwayi umene mukupereka, ndi pambali pake wa msika. Gemu ikatha, tengani nambala yanu ngati gawo la 1, monga 0.60, muchotse pa 1 ngati timuyo yapambana kapena pa 0 ngati yagonja, muchulukitse yankho ndi lokha. Mukati 0.60 n'kupambana mupeza 0.16, ikagonja mupeza 0.36. Wongolemba 0.50 nthawi zonse amapeza 0.25 pa gemu iliyonse, ndipo nambala yotsika ndiyo yabwino. Playoff yonse ili ndi magemu osachepera 60 ndi osapitirira 105. Pofika Juni phatikizani danga lanu ndi la msika. Ngati lanu silinatsike kuposa la msika, ndalama zanu zisachoke m'thumba, ndipo ngakhale litatsika, magemu 100 ndi ochepa moti muyenera kubwereza kopelo chaka chinanso musanakhulupirire.